Mwana anabadwa opanda njira ya chimbudzi, ndalama za opaleshoni tiyambire pati?

A Admin, ndibiseni dzina chonde. Mng'ono wanga anabereka mwana wamwamuna kumudzi ku Katete, ndipo tsiku lachiwiri mimba inatupa, mkaka akungosanza. Anamupeza kuti njira ya chimbudzi palibe. Anamuboola pamimba, chimbudzi chikutulukira pamenepo. Pano ali ndi miyezi 8, ali kwa ine ku Chawama, mu Lusaka. Chipatala china cha pulaiveti chatiuza mtengo woti ngakhale titagulitsa ng'ombe za abambo zonse sitingafikepo. Ine ndimagulitsa salaula, mlamu wanga ndi mlimi. Khungu la mwana pozungulira bowo lofiira psuu, matumba olandirira chimbudzi aja ndi odula, tikungomanga nsalu. Amene munadutsamo, munatani?

Mayankho

Namwino wa ku Matero: Pepani amayi. Musayambe ndi kugulitsa ng'ombe. Tengani kalata ya kukiliniki ndi makadi onse a mwana, mupite ku UTH Children's Hospital, madokotala ochita opaleshoni ya ana aliko. Dziwaninso kuti si opaleshoni imodzi. Yoyamba ndi imene inachitika kale, yoboola pamimba ija, colostomy. Yachiwiri ndi yotsegula njira, ndipo asanaichite amajambula kaye matumbo. Kenako mudzaphunzitsidwa kukulitsa njirayo ndi timitengo tachitsulo tsiku lililonse kwa miyezi ingapo. Bowo la pamimba amatseka pomaliza. Ndalama zambiri zimathera pa thiransipoti, matewera ndi chakudya cha wodikirira. Pakhungupo tsukani ndi madzi ofunda, muumitse, mupake zinc oxide.

Bambo wa ku Mtendere: Kodi makolo a mwanayo ali pa NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma? Ngakhale osalembedwa ntchito amalembetsa, ana amalowa pansi pa kholo. Funsaninso ofesi ya Social Welfare ya m'chipatala momwemo.

Amake mapasa: Wanga anadutsa momwemu, pano ali giredi 3. Ife anatinyamula ndi a mphakati kutchalitchi, ndipo anzanga a chilimba anandipatsa mwezi woyamba. Za achibale onena kuti mwana analodzedwa, tsekani makutu. Aliponso ana ena amene amabadwa chonchi.

Wina: Ikani nambala ya Airtel Money tiponyeko kangachepe.

Admin: Nambala ayi kaye. Chaka chatha ena anaba zithunzi za mwana wodwala n'kumapemphetsa nazo. Amayi, nditumizireni kalata ya dokotala ku inbox, ndikaiona ndiika nambala ndekha.

Wofunsa: Zikomo nonse. Makadi ena anatsala ku Katete, mlamu awakweza basi ya mawa. A namwino, kalata ya kukiliniki ya ku Chawama ikwanira, kapena ikufunika ya kumene anachitira opaleshoni yoyamba?