Mlongo wanga wasiya kumwa ma ARV, ndimuthandize bwanji?

Admin, chonde mundibisire dzina. Ndili ku Kasungu.

Mlongo wanga wamng'ono amagonana ndi amuna anzake. Kunyumba ndikudziwa ndine ndekha. Chaka chatha anapezeka ndi kachilombo, anamuyambitsa ma ARV otchedwa 13A ndipo ankamwa bwinobwino. Kenako anatuluka zilonda kumbuyo. Atapita kuchipatala china, amene ankamuyeza anaitana anzake kuti adzaone, n'kumamufunsa ngati amapemphera. Chichokereni tsikulo sanapondekonso. Botolo lopanda kanthu ndinalipeza m'chikwama chake ndikuchapa. Pano waonda, malaya akuchita kulendewera m'mapewa, usiku akutsokomola ndi kutuluka thukuta.

Akuopa kuti akabwerera akamuneneza kupolisi, poti mu 2024 khoti linati lamulo loletsa amuna kugonana okhaokha likhalebe. Ndimutengere kuti? Nanga mnzake, yemwe atayezetsa anapezeka alibe, adziteteze bwanji? Zoti ndi tchimo ndazimva kale. Ine ndikufuna mwana wa mayi anga akhale moyo.

Ndemanga

Namwino wa ku ART: Achemwali, musadikire. Kuonda, chifuwa ndi thukuta la usiku kwa munthu amene wasiya mankhwala, timayamba taganizira TB. Akapereke makhololo sabata ino, ayezedwenso CD4 kuti aone mphamvu ya chitetezo cha m'thupi mwake. Zimene anamuchitazo n'zolakwika, ndipo zandipweteka. Lamulo la HIV la 2018 limaletsa kusala munthu komanso kuulula za magazi ake popanda chilolezo chake. Ma ARV ndi aulere, samanidwa munthu chifukwa cha amene amagona naye. Ngati kumeneko sakufunakonso, atenge buku lake lakuchipatala akapemphe kusamutsidwa, kaya ku Mtunthama kaya ku Nkhamenya. Mupite naye, mukalembetse ngati gadiyani wake kuti masiku ena muzikamutengera ndinu. Zilondazo azinenenso, matenda opatsirana pogonana amachizika, koma mnzakeyo alandirenso mankhwala.

Bambo wina wa ku Santhe: Mupite naye kwa abusa, asiye khalidweli.

Mwini funso: Bambo, kupemphera ndikupemphera. Apa ndafunsa za mankhwala.

Membala wobisa dzina: Ine ndine gay, ndili pa PrEP. Ndi piritsi limodzi tsiku lililonse loteteza amene alibe kachilombo kuti asakatenge, umayamba wayezetsa, n'kumayezetsanso pakapita miyezi itatu. Mnzakeyo akayezetsenso, chifukwa munthu akasiya ma ARV tizilombo timachulukana msanga. Ngati agonana osadziteteza posachedwa, athamangire PEP, mankhwala apangozi oteteza ku kachilombo, maola 72 asanathe, amamwa masiku 28. Mlongo wanu akayambiranso n'kufika poti viral load, kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, sikuoneka, sangapatsire munthu pogonana. Pakadali pano kondomu ndi lubricant wamadzi. Vaseline ndi mafuta ophikira amabooletsa kondomu, anyamata ambiri sadziwa zimenezi.

Membala wa ku Mchinji: Ndinabadwa mwamuna koma ndimakhala ngati mkazi. Pamzere akaitana dzina la m'buku, ine n'kuimirira nditavala chitenje, benchi yonse imatembenuka. Mantha akewo ndikuwadziwa. Funsani a bungwe la CEDEP, amagwira ntchito ndi anthu ngati ife ndipo amadziwa anamwino amene amalandira bwino. Kwa anzanga amene mukumwa mahomoni, PrEP sachepetsa mphamvu ya mahomoniwo, musamuope.

Mayi wina: Imbaninso 54747, Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere pa Airtel. Afotokoze yekha ali m'chipinda mwake.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndamuwerengera ndemangazi, walira, koma wavomera kuti tipite Lolemba. Anamwino, buku lakale lija akuti analing'amba. Akatilandira popanda buku?

Namwino wa ku ART: Akakulandirani. Mugule lina pageti. Nambala yake ya ART ngati akuikumbukira mukaitchule, apo ayi mukatchule chipatala chimene anayambira, akafufuza okha.