Ndinaika mababu a LED koma mayunitsi sakukhalitsa, thandizeni

Moni nonse a m'gulu lino. Ndimakhala ku Area 25, ku Lilongwe, ndipo mita yathu ndi ya prepaid. Ndinachotsa mababu onse akale a mawati 60 n'kuika a LED a mawati 9, poganiza kuti mayunitsi azikhalitsa. Koma ndikugulabe monga kale, mwezi wina kuposa.

Ndinaitana wodziwa zamagetsi, anayeza mita ndi mawaya, akuti zonse zili bwino. Kusita tinachepetsa, sizinathandize.

Chomwe ndaona n'chakuti chiikireni mababuwa, aliyense pakhomo amangoti "awa sadya magetsi." Babu la pakhonde limayaka mpaka kucha, ana amasiya la kuchipinda likuyaka masana. Tinaonjezera ena kubafa ndi kukhola la nkhuku, kenako tinagula hotipuleti poyembekezera kuti ndalama izitsala. Katswiri wa zachuma William Stanley Jevons anaona zoterezi ku Britain mu 1865: makina a nthunzi atayamba kudya malasha ochepa, dzikolo linayamba kutentha malasha ambiri.

Ndiye ndingadziwe bwanji chimene chikudya mayunitsi kwambiri, mababu oonjezerawa kapena hotipuletiyi? Amene munaikapo babu la sensa (loyaka ndi kuzima lokha) pakhonde, kodi linakuthandizani?