Unnamed Memory: kodi ndine ndekha amene ndaona kuti anaithamangitsa?

Nthanda92:
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Dzulo usiku ndamaliza sizoni yoyamba ya Unnamed Memory, anime (katuni ya ku Japan) ija inayamba mu Epulo 2024, ndipo mtima wanga sunakhazikike. Mabuku ake a Kuji Furumiya sindinawerengepo, chinandikoka ndi chiyambi chake. Oscar, kalonga wa ku Farsas, ali ndi temberero loti mkazi aliyense amene angatenge pakati pake adzafa. Amakwera nsanja ya Tinasha, mfiti imene imachitira chinthu chimodzi aliyense wofika pamwamba, ndipo atamva kuti mkazi wamphamvu ngati Tinashayo akhoza kupirira tembererolo, amamufunsira pompo. Tinasha amakana, koma amavomera kukakhala kunyumba yachifumu chaka chimodzi. Chaka chathunthu! Ndinati apa ndiye ndiona anthu awiri akuzolowerana pang'onopang'ono.

Chaka chimenecho ine sindinachione. Mdani wafika, wagonja, tapita kwina, wina wafikanso. Kawiri konse ndinaimitsa n'kubwerera m'mbuyo poganiza kuti ndadumpha gawo. Chandipweteka kwambiri n'chakuti pamene Tinasha anayamba kufewa mtima, ine ndinali ngati munthu wongouzidwa, osati woona ndi maso. Ndinkafunitsitsa kusangalala nawo, koma m'mtima munali zii. Inu amene munawerenga, kodi m'mabukumo chikondichi chimakula bwino, kapena nkhaniyo ndi mmene ilili?

Mawerengawerenga:
Achemwali, simuli nokha, ndipo simunadumphe gawo lililonse. Mabuku a nkhani yaikulu alipo 6. Sizoni yoyamba inatenga atatu m'magawo 12, yachiwiri ya Januwale 2025 inatenga atatu otsalawo. Tawerengerani nokha: gawo limodzi ndi mphindi pafupifupi 24, muchotsepo zitatu za nyimbo yoyambira ndi yotsekera, zatsala 21. Zonse pamodzi ndi maola anayi ndi mphindi zochepa, pa mabuku atatu onenepa ndithu.

Vuto ndi zimene amasankha kusiya nthawi ikachepa. Nkhondo sangaichotse, chifukwa popanda iyo gawo lotsatira silimveka. Imfa ya munthu sangaichotse. Ndiye mpeni umagwera pa masiku amene amaoneka ngati palibe chikuchitika: Oscar ali pa ntchito m'chipinda chake, Tinasha akumuphikira tiyi, akukangana pa zinthu zazing'ono, Oscar wafunsiranso, wakanidwanso. Mu anime zimenezi zimangooneka mwa apo ndi apo, pamene m'buku zimabwerezedwa mpaka iwe wowerenga umayamba kuzindikira kuti kukana kwa lero sikukufanana ndi kwa mwezi watha. Mawu ndi omwewo koma akutuluka mochedwerapo. Ine pamenepo ndi pamene ndinawakondera awiriwa.

Chinanso, buku limakulowetsa m'mutu mwa munthu. Tinasha wakhala ndi moyo zaka mazana, ndipo zifukwa zimene amaopera kudziphatika kwa munthu zimafotokozedwa mofatsa. Pa sikirini zimenezo zimafuna nthawi, nkhope ikhale chete masekondi angapo. Ukamathamanga, masekondi amenewo ndi oyamba kutayidwa.

Kadzidzi_wa_usiku:
Ine ndikutsutsako pang'ono nkhani yowerengera mabuku ndi magawoyi. Toradora! ili ndi mabuku 10 ndipo anime yake ya 2008 inawamaliza onse m'magawo 25. Apo ndi magawo awiri ndi theka pa buku, kuchepera anayi a Unnamed Memory, koma anthu ambiri mpaka lero amaitchula ngati chitsanzo cha anime yachikondi yopangidwa bwino. Inde, kumapeto kwake ena amadandaula kuti kunafulumira, koma pofika pamenepo Taiga ndi Ryuuji, awiri okondana a m'nkhaniyo, unali utawaona akudyera limodzi kambirimbiri. Kusiyana kwake n'koti nkhani ya Toradora! imachitikira kusukulu ndi kunyumba, anthu ake ndi omwewo asanu. Unnamed Memory yasenza mayiko, ndale, mfiti zingapo ndi mbiri ya zaka mazana, zonsezo n'kumalimbirana malo ndi chikondi.

Komanso tisamangoloza chala ojambula. Kuchuluka kwa magawo nthawi zambiri kumagamulidwa ndi komiti ya makampani amene aika ndalama, kuphatikizapo osindikiza mabukuwo, ndipo situdiyo imagwira ntchito ndi zimene yapatsidwa. Ine ndinaonera ndisanawerenge ndipo ndinaikonda ndithu, makamaka mawu a Tinasha. Ndi iyo inandichititsa kukafuna mabuku.

Mawerengawerenga:
Za Toradora! mwanena zoona achimwene, ndavomera. Koma mfundo yanu yomalizayo ndi imene imandiwawa. Ngati munthu akuyenera kukagula buku kuti amvetse chifukwa chake awiriwa akukondana, ndiye kuti anime ija sinaime payokha. Nanga ndi angati amene anasiyira pa gawo lachinayi, n'kumapita akuganiza kuti nkhaniyo ndi yosakoma?

Tsamba_lomaliza:
Musataye mtima msanga. Anime yakale ya Spice and Wolf, sizoni yake yachiwiri ya 2009 inadumphiratu buku lachinayi, kuchoka pa lachitatu kupita pa lachisanu. Mu 2024 anaipanganso kuyambira pachiyambi, magawo 25, ndipo buku lachinayi lija linalowamo. Panadutsa zaka 15, koma zinatheka.

A Nthanda, ngati mukufuna kuwerenga, musayambire pa buku lachinayi poganiza kuti atatu oyambawo mwawaona kale. Yambirani pa loyamba. Achingerezi anasindikiza ndi a Yen Press.

Nthanda92:
Zikomo nonse. A Mawerengawerenga, zija mwanena za kukana kotuluka mochedwerapo ndi zimene ndimazisowa koma sindimadziwa kuti ndizitchule bwanji. Sizoni yachiwiri ndiyamba ndaiimika kaye, ndiwerenge mabuku atatu oyambawo. Mathero a gawo 12 anandisiya kukamwa kuli yasa, koma ndikufuna ndikafikenso pamenepo nditakhala nawo awiriwa chaka chonse chija. Funso limodzi lokha, osandiululira zambiri chonde: Lazar, wantchito wa Oscar uja, m'mabuku amaoneka kwambiri kuposa mu anime? Ndinamukonda koma ankangotulukira n'kusowa.