Kodi filimu ya The Dead Zone ikuvomereza kupha wandale woipa?

Wokonda Kanema:
Abale anga, ndaoneranso filimu ya The Dead Zone ya mu 1983, imene David Cronenberg anaikonza kuchokera m'buku la Stephen King la mu 1979, ndipo pali chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. Johnny Smith, mphunzitsi amene anakomoka zaka 5 atachita ngozi ya galimoto, anatsitsimuka ali ndi mphamvu yoona zobisika akangomugwira munthu dzanja. Atapatsana moni ndi Greg Stillson, wofuna mpando wa senete (phungu wa nyumba ya malamulo ku America), anamuona m'masomphenya ali pulezidenti akulamula kuti mabomba a nyukiliya aponyedwe, basi Johnny n'kutenga mfuti kuti akamuphe. Kodi filimuyi ikutiphunzitsa kuti kupha mtsogoleri n'kololedwa bola mtima wako watsimikiza?

Mayi Wa M'kalasi:
Achimwene, taonaninso mathero ake. Johnny anaphonya, ndipo amene anafa ndi iyeyo. Chimene chinagwetsa Stillson ndi mantha ake omwe, pakuti ananyamula khanda n'kulisandutsa chishango, wojambula zithunzi n'kumujambula anthu onse akuona. Kumbukiraninso kuti Stillson yemweyu anali ataopseza mkonzi wa nyuzipepala kuti asalembe zomudzudzula, choncho anagwa ndi atolankhani omwe ankafuna kuwatseka pakamwa.

Mkulu Wa Pakhonde:
Mayi, ndikuvomereza pang'ono chabe, chifukwa pakanapanda mfutiyo chithunzicho sichikanakhalapo. Chondidetsa nkhawa n'chakuti filimuyi imatikonzekeretsa kuti tigwirizane ndi Johnny. Tinamuona akuulula kuti wakupha atsikana m'tauni ya Castle Rock anali wapolisi Frank Dodd, ndiye pofika pa Stillson sitikayikanso masomphenya ake. Kenaka akufunsa dokotala wake, Sam Weizak, amene anathawa nkhondo ku Poland ali mwana, ngati akanapha Hitler atapatsidwa mwayi, dokotalayo n'kuvomera. Ndani angatsutse yankho la munthu wotero? Koma kunja kuno aliyense wonyamula mfuti amadziyesa wolondola popanda umboni, ndipo anthu a ku America ankaonera zimenezi patangopita zaka ziwiri Ronald Reagan atawomberedwa mu 1981.

Wowerenga Mabuku:
Kwa ine ndale zenizeni za filimuyi zili mwa anthu ozungulira Stillson. Roger Stuart, mkulu wachuma amene analemba ntchito Johnny kuti aziphunzitsa mwana wake, amadziwa bwino kuti munthuyu ndi woopsa, komabe akunena poyera kuti samuyandikira kwambiri kapena kumutalikira, kuti akapambana adzamuyese bwenzi. Ngakhale Sarah, amene kale anali bwenzi la Johnny, akuyenda khomo ndi khomo kukopera Stillson anthu. Bukulo limationetsa nkhanza za Stillson kuyambira pachiyambi, pamene akugulitsa Mabaibulo mu 1955 n'kupha galu ndi mateche, pomwe filimu imachedwa kumulowetsa m'nkhani. Poyamba zimenezi zinkandidandaulitsa, koma tsopano ndimaona kuti zimatiika pamalo a ovota, amene akungoona Martin Sheen, wosewera ngati Stillson, akumwetulira ndi kugwirana chanza ndi anthu.