Cholesterol wa bambo wa COVID wagwa mpaka 2.6, ndiimitse statin?

Kiliniko ofesa wa ku wodi ya abambo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanalakwitse. Ndili ndi bambo a zaka 58, a shuga ndi BP, tinawagoneka Lolemba ndi COVID. Ali pa okosijeni malita 5, akulandira dexamethasone 6 mg kamodzi patsiku. M'kabuku kawo muli zotsatira za ku kiliniki ya NCD (ya matenda osapatsirana monga shuga ndi BP) za miyezi isanu yapitayo: total cholesterol (mafuta a m'magazi) 6.3, LDL (mafuta oipa aja) 4.2, ndiye anawayambitsa atorvastatin 20 mg, mankhwala otsitsa mafutawo a gulu la statin. Dzulo ndinaonjezera lipid profile pa magazi a tsiku ndi tsiku, zatuluka total 2.6, HDL (mafuta abwino aja) 0.5, triglycerides (mtundu wina wa mafuta) 2.0, LDL 1.2. Ndadabwa nazo. Kodi ndi makina, kapena mankhwala agwira mopyola muyeso? Maganizo anga ndi oti ndiimitse kaye statin. Akazi awo atangomva kuti mafuta atsika m'magazi ayamba kale kufunsa ngati angabweretse nyama yonona.

Mayi wa ku labu:
Makina musawanamizire msanga achimwene, ife timangonyozedwa nthawi zonse. Funso langa ndi limodzi: magaziwo anatengedwa mkono uti? Ngati ndi mkono wa diripi ndiye mwayeza saline, zonse zimatuluka zotsika, ndi Hb (mlingo wa magazi) yomwe. Onani Hb ya tsiku lomwelo ngati yagwa mwadzidzidzi. LDL yo mwina sanayeze payokha, makina ambiri amangowerengera: total kuchotsa HDL kuchotsa triglycerides wogawa ndi 2.2. Pa manambala anuwo zikutuluka 1.2 ndithu. Masamu amenewa amasokonekera triglycerides akapitirira 4.5, apa sanafikeko, ndiye ali bwino.

Kiliniko ofesa wa ku wodi ya abambo:
Ndafunsa anesi amene anatenga. Kanyula ili kumanzere, iwo anabaya kumanja. Hb ili 13, sinasunthe kuchokera Lolemba. Ku labu kwathu akuti control ya m'mawa, yoyesera ngati makina akuyeza bwino, inadutsa.

Mayi wa ku labu:
Basi ndiye manambala ndi a bambowo, si athu. Ena apitirize.

Dokotala wa matenda a akulu:
Musaimitse chifukwa cha nambalayo. Tiyeni tiwerengere limodzi. Atorvastatin 20 mg amatsitsa LDL ndi pafupifupi 40 pa 100 iliyonse, mwina kupitirirako pang'ono. Kuchokera pa 4.2 mukanayembekeza 2.4 kapena chapompo, osati 1.2. Komanso statin satsitsa HDL, pamene apa HDL yagwa mpaka 0.5. Ndiye pali china chimene chikukoka mafutawo, ndipo ndi matendawo.

Izi sizinayambe ndi COVID. Sepsis imachita zomwezo, malungo aakulu nawonso amagwetsa HDL kwambiri, kungoti ife sitiyeza mafuta kwa munthu wa malungo. Thupi likatentha ndi matenda, timadzi tija ta chitetezo monga IL-6 timasintha kagwiridwe ka chiwindi. Chiwindi chimayamba kuchotsa LDL m'magazi mofulumira, chimachepetsa kupanga apoA-I amene ndi msana wa HDL, m'malo mwake chimatanganidwa ndi kupanga mapuloteni a nthawi ya matenda, CRP ndi serum amyloid A. Onjezerani kuti munthuyo wakhala sabata osadya bwino. Triglycerides iwo amayenda njira yawoyawo, amatha kukwera.

Kuyambira 2020, madokotala a ku Wuhan ndi kwina analemba kuti odwala COVID amene LDL ndi HDL zawo zinali zotsika kwambiri pogonekedwa ndi amenenso ankadwalika kwambiri, ambiri ankafika ku ICU kapena kumwalira, ndipo kwa ochira mafutawo ankabwerera pang'onopang'ono. Koma tisasokoneze utsi ndi moto. Kutsika kwa cholesterol kukukuuzani kuti matenda ndi aakulu, sikuti ndiko kukupha munthuyo. Mukaimitsa statin kuti mafuta akwere simwachiza kanthu, mwangochotsa chitetezo kwa munthu wa shuga ndi BP pa nthawi imene COVID ikuwonjezera kale chiopsezo cha kuundana kwa magazi, sitiroko ndi mtima.

Mmalo mwake ndiuzeni: akupuma kangati pa mphindi, malita a okosijeni akukwera kapena akutsika, ma lymphocyte ali bwanji, shuga akuyenda bwanji ndi dexamethasone.

Namwino wa pa night:
Adokotala, ndifunse nawo. Nthawi ya funde lija la Januwale 2021 tinkamva zoti amene amamwa statin sankafa kwambiri ndi COVID. Ena mpaka ankafuna kupatsa aliyense wolowa mu tenti. Zinathera pati?

Dokotala wa matenda a akulu:
Zinachokera pa kuwerenga mafayilo a odwala, achemwali, ndipo pamenepo pali msampha: munthu amene amamwa statin mokhulupirika nthawi zambiri ndi amenenso amapita ku kiliniki, shuga wake amaonedwa, amafika kuchipatala msanga. Atayesa mogawa odwala mwamaere zinazilala. A kafukufuku wa INSPIRATION-S ku Iran anapereka atorvastatin 20 mg kwa odwala a ku ICU, sanaone kusiyana kooneka. A kafukufuku wa REMAP-CAP anayesa statin wina, simvastatin 80 mg, zotsatira zinatuluka mu 2023, zinapendekera ku ubwino koma sizinafike pa mzere umene iwo eni anadziikira, ndipo kukwera kwa CK (chizindikiro cha kuwonongeka kwa minofu) ndi ma enzyme a chiwindi kunaoneka kwambiri mwa amene analandira mankhwalawo kuposa amene sanalandire. Ndiye pamene tili ndi apa: amene amamwa kale apitirize ngati palibe choletsa, koma sitiyambitsa statin chifukwa cha COVID yokha.

Wa ku famase:
Ndalowa mochedwa, pepani. Zonse zanenedwazi ndikugwirizana nazo koma mawu oti "ngati palibe choletsa" ndi pamene pali ntchito yanga. Achimwene, mwaona ndi maso anu botolo la mankhwala amene bambowa akumwa, kapena mwangowerenga m'kabuku? Chachiwiri, mwafunsa ngati ali ndi kabuku kena? Anthu athu ambiri amasunga awiri, ka NCD ndi kena kamene satulutsa pagulu. Funsani akazi awo pambali, osati pamaso pa apongozi.

Kiliniko ofesa wa ku wodi ya abambo:
Zoona sindinaone botolo. Mankhwala akunyumba amawapatsa ndi akazi awo. Ndipiteko pompano.

Ndabwerako, ndipo mutu wandizungulira. Mai aja anatulutsa kajumbo m'chikwama, mkati muli metformin, amlodipine, ndi paketi ya simvastatin 40 mg. Akuti atorvastatin anatha miyezi iwiri yapitayo, ku kiliniki kunalibe, ndiye anakagula m'tauni ndipo wogulitsa anati awa ndi amodzimodzi. Titatuluka panja anaonetsa kabuku kachiwiri. Bambowa ali pa ma ARV a second line, atazanavir/ritonavir, zaka zitatu tsopano. Pogonekedwa funsoli linalembedwa "unknown" ndipo palibe anabwererako, ine ndemwe.

Wa ku famase:
Ndi zimenezo. Simvastatin aimitseni lero, mlingo wa usiku uno asamwe. Ritonavir amatseka CYP3A4, njira imene simvastatin amaphwanyikira m'chiwindi, ndiye amadzadza m'magazi kambirimbiri mpaka minofu kuyamba kusungunuka, impso n'kutsekeka. Awiriwa saloledwa pamodzi pa mlingo uliwonse. Ndi chifukwa chomwecho munthu wopatsidwa Paxlovid, mankhwala a COVID aja, amamuimitsa simvastatin, muli ritonavir yemweyo. Ma ARV wo asadumphe ngakhale tsiku limodzi. Funsani za kuphwanya kwa ntchafu ndi mapewa, ngakhale ndikudziwa kuti wa COVID aliyense amati thupi lonse likuwawa. Onani mkodzo ndi maso anu, mukapeza wonga Coca-Cola thamangani. Yezani CK ngati ilipo, creatinine (woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito) ndi potaziyamu.

Maso akakhala achikasu pang'ono musathamangire kuti chiwindi chafa, atazanavir amakweza indirect bilirubin mwa anthu ambiri. ALT, enzyme ya chiwindi, ndi imene ikuuzeni zoona. Ndipo wina asawalembere omeprazole, wochepetsa asidi wa m'mimba uja, chifukwa cha dexamethasone, atazanavir amafuna asidi wa m'mimba kuti alowe m'thupi.

Dokotala wa matenda a akulu:
Apa ndiye ndavula chipewa. Ndinati musaimitse chifukwa cha nambala, ndikubwerezabe, koma chifukwa ichi n'chokwanira. Nawonso amlodipine amakweza simvastatin, ndiye bambowa anali ndi zokankha ziwiri. Mukatsimikiza kuti minofu ndi impso zili bwino, abwerere pa atorvastatin koma 10 mg, osati 20 uja, poti nayenso ritonavir amamukweza ngakhale si ngati mnzakeyo. A ku NCD analemba 20 mg osadziwa za kabuku kachiwiri.

Namwino wa pa night:
Nanga nyama yonona ya mai aja tiwayankha chiyani? Chifukwa mawa 6 koloko akhala ali pakhomo ndi kontena.

Dokotala wa matenda a akulu:
Auzeni kuti mafutawo abwerera okha bambo akachira, nyama yonona siifulumizitsa. Chofunika n'choti adye: phala la nsinjiro lopanda shuga, mazira, nsomba, nyemba, pang'onopang'ono koma kangapo. Shuga wa m'magazi ndi amene angakupwetekeni sabata ino. Lipid profile musabwerezenso ali m'wodi, n'kuwononga reagent. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu atachira, ndipo lembani m'kabuku kuti 1.2 uja anayezedwa ali pa okosijeni, kuopa wina ku kiliniki angadzaone nambalayo n'kunena kuti mankhwala sakufunikanso.

Kiliniko ofesa wa ku wodi ya abambo:
Zikomo nonse. Simvastatin ndamutenga, ali mu kabati ya anesi. Mkodzo ndi woyera, dipstick sinaonetse magazi, creatinine 88, potaziyamu 4.3, ALT 46. CK kuno reagent inatha, ndiye tidalira zimenezi ndipo creatinine tibwereza Lachisanu. Shuga wa madzulo anali 17, tayamba insulin, metformin taimika kaye. Okosijeni akadali pa malita 5, akupuma ka 24 pa mphindi. Ndalemba ma ARV pa treatment chart, ndipo ndi chilolezo cha bambowo ndalembanso m'mabuku onse awiri.

Mayi wa ku labu:
Lachisanulo mubayenso kumanja.