Wosewera akulankhula ndi foni yosayankha: tijambule bwanji?

Wotsogolera filimu, Area 25:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Tikujambula filimu yaifupi yonena za bambo wina wa ku Kawale amene mkazi wake anamwalira, ndipo pang'ono ndi pang'ono wayamba kukondana ndi mawu achikazi a pulogalamu ya AI ya m'foni mwake. Wosewera wathu ndi waluso ndithu, koma amauma nkhope akangotsala yekha ndi foniyo chifukwa palibe chomuyankha. Mawuwo tinkafuna kudzawajambula pambuyo pake, koma titayesa kuwalowetsa m'zigawo zimene tajambula kale, sakugwirizana ndi mipata imene bamboyu anasiya: pena akuseka mnzakeyo asanamalize, pena akudikira mpaka woonera kuganiza kuti netiweki yavuta.

Wojambula mawu, Biwi:
Achimwene, musamusiye yekha munthuyo. Pojambula filimu ya Her ya mu 2013, imenenso imanena za bambo wokondana ndi mawu a AI, wotsogolera filimuyo Spike Jonze anali ndi wosewera wamkazi Samantha Morton pamalopo, akulankhula kuchokera m'kachipinda kosatulutsa mawu, ndipo Joaquin Phoenix, amene ankasewera bamboyo, ankamumva m'khutu n'kumamuyankha pompo. Mawu a Scarlett Johansson amene timamva m'filimuyo analowetsedwa kujambula kutatha. Choncho ngakhale mutadzasintha wolankhula, nkhope ya wosewera imakhala itayankha kale munthu wamoyo.

Mayi amene akusewera mawuwo akhale m'chipinda china ndi maikolofoni yawoyawo, mutseke mazenera ndi mabulangete, ndipo mawu awo afike kwa bamboyo kudzera pa waya. Chomvera cha m'khutu musavutike kuchibisa, poti munthu wocheza ndi foni usiku amavala chimenecho kumene. Musaimbirane foni yeniyeni, chifukwa foni yoyandikira maikolofoni nthawi zina imalowetsa kaphokoso kolira m'mawu, ndiponso Bluetooth imachedwetsa mawu pang'ono, zimene zingabwezeretse vuto lomwe mukulithawalo. Mawu a aliyense ajambulidwe padera pa 48 kHz, mulingo wojambulira mawu a filimu, ndipo wina aombe m'manja kamodzi kamera ikuona chigawo chilichonse chisanayambe, kuti mudzathe kugwirizanitsa mawu ndi zithunzi.

Wolumikiza zithunzi, Area 47:
Ndikugwirizana ndi achimwene a ku Biwi, ndipo ndingowonjezera zimene zimatisautsa ife polumikiza. Mukamaliza chigawo, aliyense akhale chete kwa mphindi imodzi kuti mujambule kamvekedwe ka chipindacho, popeza ku Kawale njinga zamoto za kabaza, tambala ndi wailesi ya oyandikana nawo sizisowa, ndipo popanda kamvekedweko malo onse amene tadula amamveka. Kamera ikhale pa mafelemu 25, kutanthauza zithunzi 25 pa sekondi iliyonse, ndi shutter ya 1/50, imene ndi nthawi yolowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse, kuti igwirizane ndi magetsi athu a 50 Hz, amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Mukapanda kutero mababu ena amaphethira pachithunzi.

Wotsogolera filimu, Area 25:
Zikomo kwambiri nonse. Achemwali a ku Area 47, mnzanga wina akuti tingogwiritsa ntchito mawu opangidwa ndi kompyuta, kapena tipotoze mawu a mayiwo kuti azimveka ngati makina. Inu mukuona bwanji?

Wolumikiza zithunzi, Area 47:
Ine sindingavomere zimenezo, achimwene. Mawu a kompyuta amene ndinamvapo akulankhula Chichewa amatsitsa pofunika kukweza, ndipo woonera akangoyamba kuseka katchulidweko, chisoni cha bamboyo chathera pomwepo. Filimu yanu yagona pa chinthu chimodzi: woonera akhulupirire kuti munthu wamkulu, wanzeru zake, woferedwa, angathe kuyembekezera mawu amenewa madzulo alionse. Mawuwo akhale ofunda ndi oyera, opanda kamvekedwe ka chipinda, ngati akuchokera m'mutu mwa bamboyo. Zimenezo zokha zikwanira kusonyeza kuti mwini mawuwo sali m'nyumbamo. Chimene ndingachite ndi kuchotsa kupuma kwa mayiwo m'zigawo zoyambirira, kenaka n'kumakusiya pang'onopang'ono chikondicho chikamakula.

Wojambula mawu, Biwi:
Ngati mutenga njira imeneyo, mayiwo ayandikire maikolofoni, pafupifupi chikhato chimodzi kuchokera pakamwa, ndipo alankhule motsitsa kuti kupumako kugwidwe bwino. Kuchotsa n'kosavuta, koma kumene sikunajambulidwe simungakubwezeretse.

Wotsogolera filimu, Area 25:
Ndamva. Tibwereza zigawo zonse za usiku motsatira malangizowa, kuyambira ndi chimene bamboyo akuuza foniyo za tsiku la maliro. Achimwene a ku Biwi, ngati muli ndi waya wotalika wokwana kuchokera kuchipinda kufika pabalaza, ndikuimbirani kuti tigwirizane za kubwereka.