Gulu la banja: kusala kudya ndi kupempherera za mzime

Malume: Moni nonse. Mzime wa achemwali anga akuti mtima ukumukokera ku ubusa, akufuna kusiya uphunzitsi. Asanakaonane ndi abusa, Loweruka lino tisale kudya kuyambira 6 m'mawa mpaka 6 madzulo, monga anachitira mpingo wa ku Antiokeya usanatume Barnaba ndi Saulo. Werengani Machitidwe 13:2-3.

Azakhali: Zili bwino alamu. Koma odwala shuga, oyembekezera ndi oyamwitsa asasale ayi. Wa shuga akamwa mankhwala osadya, shuga amatsika kwambiri, amayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, mwina kukomoka kumene. Iwowa adye, apemphere nafe basi. Enafe madzi tizimwa, kutentha kwa Okutobala si kocheza. Pomasula yambani ndi phala, osati nsima.

Achemwali ku London: Foni ya gulu ndi nthawi yanji?

Azakhali: 8 koloko usiku. Ku Joni nthawi ndi imodzimodzi, inu kwanuko ikhala 7. Mafoni mutchajiretu masana.

Achimwene ku Joni: Kuno kuli aneneri amaona zakutsogolo. Ndingotumiza chithunzi chake amuonere, nkhani ithe?

Malume: Ayi mphwanga. 1 Yohane 4:1 akuti tiziyesa mizimu. Munthu wongoona chithunzi sadziwa ngati mnyamatayu amapirira akanyozedwa, kapena amasamala ndalama za eni. Odziwa zimenezo ndi akulu a mpingo amene amuona akuphunzitsa Sande Sukulu ndi kuyendera odwala. N'chifukwa chake ku CCAP nkhani imayambira ku bwalo la mpingo wake, ipite ku presibitale, kenako ku sinodi, ndiye za maphunziro a ubusa ku Nkhoma kapena ku Zomba zibwere pambuyo. Ndiponso zotsinzina n'kutsegula Baibulo paliponse, vesi yomwe chala chagwera n'kumati ndi yankho, zimenezo ndi maula. Tisachite.

Azakhali: Vuto lina ndi ifeyo. Wina abwera atagamula kale kuti tikhale ndi abusa m'banja muno, wina akuopa kuti thandizo la pamwezi litha. Pemphero limasanduka ulaliki wolasa mwana. Aliyense mphindi 3, kupempha nzeru monga pa Yakobo 1:5, osamuuzira Mulungu yankho. Amene walota kanthu auze a malume kumbali.

Mayi a kunyumba kwa mzime: Pepani akuluakulu, ndilankhuleko. Ine sindikukana, koma fizi ya ana ndi lendi pa zaka zamaphunzirozo zichokera kuti?

Malume: Mwafunsa bwino apongozi, kumeneko si kuchepa chikhulupiriro. Pa Luka 14:28 womanga nsanja amayamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo. Awirinu lembani zonse zimene mumawononga pamwezi, tizione Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Mzime, iwe uwerenge 1 Timoteo 3:1-7 tsiku lililonse sabata ino, makamaka vesi 4 ndi 5. Kalata yosiya ntchito usalembe kufikira sinodi itayankha.

Mzime: Ndamva malume. Mundipemphererenso kuti yankho likakhala ayi kapena dikira, ndisakhumudwe.

Achemwali ku London: Nanga agogo? Foni yawo ija ndi yamabatani.

Azakhali: Ndipita ine ndi yangayi, ndikagona konko. Wa ku Joni, nditumizire ya bandulo pa Mpamba pofika Lachisanu.